Patent: mawu amodzi kuchipatala, kukhoti ndi kufakitale

Mawu achingerezi akuti patent amasokoneza ngakhale anthu amene sukulu anapita nayo patali. Pa wailesi timawamva kawirikawiri nkhani ikakhala ya mankhwala kapena katemera: akuti kampani yakutiyakuti ili ndi patent, motero makampani ena saloledwa kupanga mankhwalawo. Womvera amangotolapo kuti patent ndi chinthu chotsekereza anthu. Koma mayi amene wakhala zaka osatenga pakati, akapita kukaunikidwa kuchipatala, amatha kubwerako ndi pepala lolembedwa kuti "both tubes are patent", ndipo adokotala amamuuza kuti imeneyo ndi nkhani yabwino, machubu onse awiri ndi otseguka. Loya nayenso akamanena za "patent defect" pa nyumba kapena galimoto yogulitsa, amatanthauza vuto loonekeratu, loti aliyense wamaso akanaliona.

Ndiye zimatheka bwanji kuti mawu amodzi anene za chotseguka kwina, n'kumamveka ngati chotseka kwinaku? Matanthauzo onsewa anaphuka pa tsinde limodzi, ndipo munthu akalidziwa tsindelo, ngakhale mkangano waukulu wa kukwera mtengo kwa mankhwala umayamba kumveka bwino.

Kalata yosamata

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mneni wakuti patere, kutanthauza kukhala chotseguka. Kalekale mafumu a ku England ankalemba makalata a mitundu iwiri. Kalata yopita kwa munthu mmodzi inkapindidwa n'kumatidwa ndi phula, kotero kuti woitsegula ankayenera kuthyola chidindo. Mtundu winawo unkalembedwa pa chikopa chosalala n'kusiyidwa chotambasula, chidindo chachikulu cha mfumu chikulendewera m'munsi pa kachingwe. Kalata yotere munthu ankatha kuitulutsa pamsika, kukhoti kapena pachipata cha mzinda, kuiwerenga mokweza kambirimbiri, chidindo osawonongeka. Moni wake sunkapita kwa munthu mmodzi, unkapita kwa onse amene adzaione. Pa Chilatini ankaitcha litterae patentes, pa Chingerezi letters patent, makalata otseguka. Mipukutu yosungira makalata amenewa ku England inayamba kulembedwa mu 1201, m'nthawi ya Mfumu John, ndipo ikusungidwabe ku Kew mu London.

Ndi makalata otere mfumu inkapereka malo, udindo, ulemu kapena chilolezo chochita malonda. Mwambowu sunathe. Mpaka lero ku Britain tauni ikamakwezedwa kukhala mzinda, kapena munthu akamapatsidwa mpando ku nyumba ya malamulo ya House of Lords, pamalembedwa letters patent. Mu 2012 Mfumukazi Elizabeth II inatulutsa kalata yotere yonena kuti ana onse a Prince William adzatchedwa akalonga, osati woyamba wamwamuna yekha monga lamulo la 1917 linkanenera. Ku America kunalinso "land patent", chikalata chimene boma linkapereka kwa munthu woyamba kulandira malo kuchokera ku boma.

Poyamba, tsono, patent linali dzina la kalata, osati la ufulu umene kalatayo inkapereka. Patapita zaka, mtundu umodzi wa makalatawa unatchuka kuposa ina yonse mpaka dzina linatsalira kwa iwo.

Mphatso ya mfumu isanduka pangano

Mizinda ya ku Italy ndi imene inayamba kuteteza anthu otulukira zinthu zatsopano. Mu 1421 mzinda wa Florence unapatsa mmisiri wa zomangamanga, Filippo Brunelleschi, ufulu wa zaka zitatu pa chombo chimene anakonza chonyamulira miyala ya marble pa mtsinje wa Arno. Mu 1474 mzinda wa Venice unakhazikitsa lamulo lokhudza aliyense: wopanga chipangizo chatsopano ndi chaluso akachilembetsa ku boma, palibe wina ankaloledwa kuchipanga kwa zaka khumi popanda chilolezo chake.

Ku England nkhani inayamba mokhota. Mfumukazi Elizabeth I ndi Mfumu James I ankagwiritsa ntchito letters patent pokondweretsa anzawo a kunyumba yachifumu, kuwapatsa ufulu woti iwo okha azigulitsa zinthu zimene anthu ankazidziwa kale, monga mchere, viniga ndi makadi osewerera juga. Mitengo inakwera, anthu anadandaula, ndipo mu 1624 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Statute of Monopolies. Lamuloli linathetsa mphatso zotere koma linasiya khomo limodzi: munthu woyamba kutulukira njira yatsopano yopangira zinthu akhoza kupatsidwa ufulu wa zaka 14. Apa m'pamene ku England kunakhazikika mfundo yoti patent ndi ya chinthu chatsopano chokha, ndipo ili ndi malire a nthawi. M'zaka za m'ma 1700 makhoti a ku England anawonjezera mfundo ina, yoti wopempha alembe mwatsatanetsatane mmene chinthu chakecho chimapangidwira. Dziko la America linapereka patent yake yoyamba pa 31 July 1790 kwa Samuel Hopkins, pa njira yopangira potash kuchokera ku phulusa, ndipo Pulezidenti George Washington anasaina ndi dzanja lake.

Kuti zimveke, tiyerekeze mtsinje umene anthu amavutika kuwoloka m'dzinja. Munthu wina wapeza njira yomangira mlatho umene madzi sangaukokolole. Atha kubisa luso lakelo, n'kudzafa nalo. Amfumu akumuuza kuti: fotokozera mudzi wonse mmene wamangira, osabisa kanthu. Ukatero, kwa zaka zakutizakuti ndiwe wekha amene uzimanga milatho yotere ndi kulipiritsa owoloka. Zakazo zikadzatha, aliyense adzakhala womasuka kumanga wake. Patent ya masiku ano ndi pangano limeneli. Chotseguka chija chilipobe: wotulukirayo amaulula chinsinsi chake poyera, ndipo malipiro a kuululako ndi ufulu woletsa ena kwa kanthawi. Anthu ambiri amangomva za kuletsako chifukwa n'kumene kumafika m'thumba mwawo.

Zimene chikalatacho chimanena

Munthu akatsegula chikalata cha patent amapeza dzina la wotulukira, tsiku limene anapereka pempho, zojambula zokhala ndi manambala pa kachiwalo kalikonse, ndi mafotokozedwe okwanira kuti katswiri wina wa ntchito yomweyo athe kupanga chinthucho pongowerenga. Kumapeto kumakhala ziganizo zamanambala zotchedwa claims. Zimenezi ndiye malire enieni a ufulu wake, ndipo milandu yambiri ya ma patent imakhala yokangana pa tanthauzo la liwu limodzi kapena awiri m'ziganizo zimenezi. Zikalatazi si zachinsinsi. Mamiliyoni a zikalata zotere ali pa intaneti, ndipo aliyense atha kuziwerenga ulere pa Espacenet kapena Google Patents.

Ofesi yopereka patent imayang'ana zinthu zitatu. Chinthucho chikhale chatsopano, choti sichinalembedwepo, kugulitsidwa kapena kuonetsedwa poyera. Chikhale choti katswiri wamba wa ntchitoyo sakanachiganiza mosavuta. Ndipo chikhale chotheka kupangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Mfundo yoyambayo ndi imene imagwetsa achinyamata aluso ambiri. Wakonza makina osendera chimanga kapena opopera madzi, wasangalala, wajambula vidiyo n'kuika pa Facebook, mwinanso wakaonetsa ku chionetsero cha zamalonda. M'mayiko ambiri, kuonetsa kotereku pempho lisanaperekedwe kumachititsa kuti chinthucho chisaonedwenso ngati chatsopano, ngakhale wochionetsayo ndi mwini wake yemwe. Mayiko ena, monga America, amapereka chaka chimodzi chachisomo, koma si onse. Mawu akuti "patent pending" amene timawaona pa katundu amangotanthauza kuti pempho laperekedwa ndipo likudikira yankho.

Patent imagwira ntchito m'dziko limene yaperekedwa basi. Palibe patent imodzi ya dziko lonse lapansi. Pangano la ku Paris la 1883 linangothandiza kuti munthu akalembetsa m'dziko limodzi akhale ndi miyezi 12 yokalembetsa m'mayiko ena tsiku lake loyamba likuwerengedwabe, ndipo pangano la PCT la 1970 limalola pempho limodzi kutsegula njira ya kumayiko ambiri, koma dziko lililonse limagamula palokha. Kuno kwathu kuli bungwe la ARIPO, lolembetsa ma patent m'mayiko angapo a mu Africa, limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kudzera mu Harare Protocol ya 1982, munthu atha kupereka pempho limodzi n'kutchula mayiko amene akufuna chitetezo, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. South Africa sali m'bungweli, ali ndi ofesi yakeyake. Ku Zambia ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la boma la PACRA, ndipo lamulo la ma patent limene Malawi anakhala nalo chilandirireni ufulu linalembedwa m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

China chimene ambiri sachidziwa n'chakuti patent si chilolezo chogulitsa, ndiponso si umboni woti chinthu ndi chabwino. Mankhwala okhala ndi patent amafunikabe kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala asanafike kwa odwala. Boma silikulonderanso patent yako. Wina akakubera luso, ndiwe wemwe wopita kukhoti ndi ndalama zako, ndipo kuti patent isafe zaka zake zisanathe, pamakhala ndalama zolipira nthawi ndi nthawi.

Pamakhalanso kusakaniza patent ndi abale ake. Woimba akamati akufuna "kupanga patent" nyimbo yake, chimene akufuna ndi copyright, imene imateteza nyimbo, mabuku ndi zojambula, ndipo ku Malawi amayendetsa ndi a COSOMA. Dzina la bizinesi kapena chizindikiro cha pa paketi ndi trademark, imene ingakhale mpaka kalekale malinga mwini wake akuilembetsanso. Ndiye pali njira yongobisa. Kampani ya Coca-Cola sinalembetse patent pa kasakanizidwe ka chakumwa chake, chifukwa kulembetsa kukanatanthauza kuulula, ndipo chitetezocho chikanatha kalekale. Ena amasankha njira yosiyana kotheratu, yongopereka luso lawo kwa anthu onse. Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri, unayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, n'kudzakonzedwanso ku Kenya. Mapulani ake ndi a aliyense, kotero fakitale iliyonse yotsatira muyezo wake itha kuupanga, ndipo n'chifukwa china chimene zipangizo zake zimapezekera m'mashopu.

Kuchipatala, kukhoti ndi pa nsapato

Madokotala anasunga tanthauzo lakale lenileni. Akati njira ya mpweya ndi patent, ndiye kuti wodwala akupuma popanda chotchinga. Akati chubu kapena mtsempha ndi patent, ndiye kuti madzi kapena magazi akudutsa. Koma kutseguka sikuti nthawi zonse ndi nkhani yabwino. Mwana ali m'mimba amakhala ndi kamtsempha kolumikiza mitsempha iwiri ikuluikulu ya pafupi ndi mtima, kamene kamalambalalitsa magazi mapapo chifukwa mapapowo sanayambe ntchito. Kamtsemphaka kamayenera kutsekeka m'masiku oyamba mwana akabadwa. Kakapanda kutsekeka, vutoli limatchedwa patent ductus arteriosus, ndipo limapezeka kwambiri mwa ana obadwa masiku asanakwane. Nthawi zina kamatsekeka kokha, nthawi zina pamafunika mankhwala kapena opaleshoni. Choncho kholo likaona mawuwa pa buku la kuchipatala, funso loyenera kufunsa adokotala ndi lakuti: chotsegukacho n'chiyani, ndipo chimayenera kukhala chotseguka kapena ayi? Ofufuza za malungo nawonso amanena za "patent infection", kutanthauza kuti tizilombo tachuluka mokwanira kuoneka m'magazi pa maikulosikopu.

Kwa maloya, patent ndi choonekeratu, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi latent, chobisika. Mng'alu wa pakhoma umene wogula nyumba akanauona poyendera ndi patent defect, ndipo kawirikawiri sangadzadandaule nawo pambuyo pake. Chiswe chimene chadya mitengo ya kudenga mkati mwa siling'i ndi latent defect, ndipo pamenepo malamulo amayang'ana ngati wogulitsa ankadziwa n'kubisa. Kuchokera apa ndi pamene Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chinatenga mawu ngati "patently false", bodza loti ngakhale mwana angalione.

Matanthauzo ena ndi zotsalira za mbiri. Patent leather ndi chikopa chonyezimira ngati galasi, cha nsapato za paukwati zija. Patent medicine anali mankhwala a m'mabotolo otsatsidwa mokokomeza m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ochiza chilichonse malinga ndi ogulitsa ake. Ambiri mwa iwo analibe patent konse, chifukwa eni ake sankafuna kuulula zimene anathiramo. Pa katchulidwe, ku America amati "patenti" akamanena za chotulukiridwa ndipo "peitenti" akamanena za chotseguka kapena choonekeratu. Ku Britain zonse ziwiri zimamveka, ndipo anthu wamba ambiri amati "peitenti" pa matanthauzo onse.

Pamene panavuta: mankhwala

Mpaka m'zaka za m'ma 1990, dziko lililonse linkadzisankhira zinthu zoyenera patent. India, mwa lamulo lake la 1970, ankateteza njira yopangira mankhwala koma osati mankhwala enieniwo. Kampani ya ku India ikapeza njira yakeyake yopangira mankhwala omwewo, inkaloledwa kuwagulitsa. Umu ndi mmene dzikolo linakulira kukhala gwero lalikulu la mankhwala a generic, amene ndi ofanana mphamvu ndi oyambawo koma opangidwa ndi makampani ena.

Zinthu zinasintha mu 1995 pamene bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO linayamba ntchito, pamodzi ndi pangano lake la TRIPS. Panganoli linalamula mayiko onse a m'bungweli kupereka ma patent pa luso la mtundu uliwonse, mankhwala omwe, kwa zaka zosachepera 20 kuchokera tsiku lopereka pempho. Mayiko osauka anapatsidwa nthawi yokonzekera, ndipo India anayamba kuteteza mankhwala enieniwo mu 2005.

Izi zinachitika Edzi ili pachimake m'chigawo chathu. Mankhwala atatu ophatikiza otha kufooketsa kachilombo ka HIV anali atapezeka mu 1996, koma mtengo wake unkaposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Amene anakhalapo nthawi imeneyo amakumbukira maliro otsatizana ndi mashopu a mabokosi amene anachuluka m'misewu, mankhwala ali kunja kuno koma osafikirika. South Africa anasintha lamulo lake la mankhwala mu 1997 kuti azitha kugula motchipa, ndipo makampani 39 anatengera boma kukhoti. Mlanduwo anauchotsa mu April 2001 anthu atachita zionetsero m'mayiko ambiri, gulu la Treatment Action Campaign likutsogolera. Mu February chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inali italengeza kuti igulitsa mankhwala atatuwo pa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku.

Piritsi la Triomune, limene Amalawi ambiri anayambira pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, likuonetsa bwino mmene nkhaniyi imayendera. M'piritsi limodzi munali stavudine, lamivudine ndi nevirapine. M'mayiko olemera mankhwala atatuwa anali m'manja mwa makampani atatu osiyana, Bristol-Myers Squibb, GlaxoSmithKline ndi Boehringer Ingelheim, choncho panalibe mmodzi wa iwo amene akanawaphatikiza payekha. Cipla inatha kutero chifukwa ku India kunalibe patent pa mankhwalawo. Wodwala wa kumudzi ankamwa piritsi limodzi m'mawa ndi lina madzulo, ndipo kuphweka kumeneku kunathandiza kuti zipatala zazing'ono, zopanda madokotala ambiri, zithe kupereka chithandizo. Pambuyo pake stavudine anasiyidwa chifukwa cha zovuta zimene ankabweretsa m'thupi.

Mu November 2001 mayiko a WTO anagwirizana ku Doha kuti TRIPS isalepheretse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Chida chachikulu chimene anatsimikizira ndi compulsory licence, chilolezo chimene boma limapereka mwini patent asanavomere. Tikabwerera ku mlatho uja: madzi asefukira, odwala ali tsidya lino, chipatala chili tsidya linalo, ndipo ndalama zowolokera ndi zosafikirika. Amfumu atha kulola wina kumanga mlatho wofanana mwini luso asanavomere, koma mwiniyo amapatsidwabe kangachepe. Patent siifafanizidwa, imangolambalalidwa pa chifukwa chodziwika. Zimbabwe inalengeza za ngozi ya Edzi mu 2002 kuti igwiritse ntchito njirayi, ndipo Mozambique ndi Zambia anatulutsa zilolezo zotere mu 2004. Mayiko osaukitsitsa, Malawi ali momwemo, analoledwa kusatsata ma patent a mankhwala, ndipo nthawiyo inawonjezedwa kufika pa 1 January 2033.

Njira ina ndi yogwirizana mwamtendere. Mu 2010 bungwe la Unitaid linakhazikitsa Medicines Patent Pool, imene imakambirana ndi eni ma patent kuti alole makampani a generic kupangira mayiko osauka. Kampani ya ViiV Healthcare inapereka chilolezo chotere pa dolutegravir mu 2014, ndipo pofika 2017 piritsi lophatikiza lokhala ndi mankhwalawa linalengezedwa pa mtengo wa madola pafupifupi 75 pachaka. Ndi limene anthu ambiri akumwa lero m'zipatala zathu.

Mbali zonse ziwiri za mkanganowu zili ndi mfundo zolemera. Makampani ofufuza amati kupeza mankhwala atsopano kumatenga zaka zoposa khumi, ambiri amalephera ali poyesedwa, ndipo zaka zingapo za patent zimatha mankhwala asanafike n'komwe pamsika. Popanda chiyembekezo chobweza ndalama, iwo amati, palibe angaike chuma chake pa kafukufuku, ndipo makampani a generic sakanakhala ndi choti atengere. Otsutsa amayankha kuti kafukufuku wambiri woyambirira amalipiridwa ndi misonkho ya anthu kudzera m'mayunivesite, kuti matenda a anthu osauka salandira chidwi chifukwa alibe msika, ndiponso kuti makampani ena amasintha pang'ono mankhwala akale n'kulembetsa patent yatsopano kuti atalikitse nthawi. Khoti lalikulu la India linakana patent ya Novartis pa mankhwala a khansa a Glivec mu 2013 pa chifukwa chokhudza mfundo yomalizayi. Nkhani yomweyi inabukanso ndi Covid-19: India ndi South Africa anapempha mu October 2020 kuti malamulo a TRIPS aimitsidwe kaye, ndipo chimene chinavomerezedwa mu June 2022 chinali chochepa, chokhudza katemera yekha. Ena ankati ma patent ndiwo anachedwetsa katemera ku Africa, ena ankati vuto lalikulu linali kusowa kwa mafakitale, zipangizo ndi akatswiri, poti katemera sapangidwa pongowerenga chikalata.

Nzeru za makolo

Lamulo loti chinthu chikhale chatsopano limadalira zimene woyesa pempho angathe kuzipeza, ndipo iye amafufuza zolembedwa. Nzeru zambiri za makolo sizinalembedwe, zimayenda pakamwa. Mu 1995 America inapereka patent pa kugwiritsa ntchito turmeric pochiza mabala, chinthu chimene mabanja a ku India akhala akuchita kuyambira kale. Boma la India linabweretsa zolemba zakale monga umboni ndipo patent inafafanizidwa mu 1997. Patent ina ya ku Ulaya, yokhudza mankhwala ophera nkhungu ochokera ku mtengo wa nimu, inathetsedwa mu 2000 ndipo chigamulocho chinatsimikizidwa mu 2005. Ku South Africa, bungwe la kafukufuku la CSIR linalembetsa patent pa chinthu chochepetsa njala chochokera ku chomera cha hoodia, chimene anthu a mtundu wa San ankadya akamayenda maulendo ataliatali. Atadandaula, panasainidwa pangano logawana phindu mu 2003.

Pofuna kuchepetsa mavuto otere, mayiko a m'bungwe la WIPO, loona za ma patent ndi copyright padziko lonse, anagwirizana ku Geneva mu May 2024 pa pangano latsopano. Likuti wopempha patent pa chinthu chochokera ku zomera, nyama kapena tizilombo aulule dziko limene anazitenga, ndipo ngati anatsamira pa nzeru za anthu a dera lina, awatchule. Malawi ndi dziko loyamba kuvomereza panganoli mwalamulo, mu December 2024. Kuti liyambe kugwira ntchito pakufunika mayiko 15.

Mafunso amene akadali poyera

Kodi zaka 20 n'zoyenera pa chilichonse? Luso la pafoni limakalamba m'zaka zochepa, pamene mankhwala amatenga nthawi yaitali kuti afike pamsika, koma lamulo limawapatsa nthawi yofanana. Akatswiri a zachuma sagwirizananso ngati ma patent amachulukitsadi zotulukira m'mayiko amene mafakitale ake akadali aang'ono, kapena amangoteteza katundu wochokera kunja, poti ma patent ochuluka olembetsedwa ku Africa ndi a makampani akunja.

Malire a chinthu chotulukiridwa ndi chinthu chongopezeka m'chilengedwe nawonso sanakhazikike. Khoti lalikulu la America linagamula mu 2013 kuti DNA yachilengedwe ya munthu singakhale ndi patent, koma mayiko ena amaona mosiyanako, ndipo nkhani ya mbewu ikukhudza alimi amene anazolowera kusunga ndi kugawana mbewu zawo. Pabweranso funso la makompyuta. Stephen Thaler anapempha ma patent m'mayiko angapo akunena kuti wotulukira ndi pulogalamu yake yotchedwa DABUS. South Africa inapereka patent mu 2021, pamene khoti lalikulu la Britain linakana mu December 2023, likunena kuti wotulukira ayenera kukhala munthu.

Pa mankhwala, zilolezo zogwirizana zimatchula mayiko amene angapindule, ndipo mayiko a chuma chapakatikati, kumene kulinso odwala osauka ambiri, nthawi zambiri amasiyidwa kunja. Ndani ayenera kujambula mzere umenewo, kampani kapena maboma? Pangano la nzeru za makolo likadzayamba kugwira ntchito, ndani adzalankhulire mudzi kapena mtundu wa anthu, makamaka pamene mankhwala azitsamba omwewo amadziwika ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique komwe? Ndipo chaka cha 2033 chikadzafika, mayiko osaukitsitsa adzayenera kupemphanso nthawi ina ku WTO kapena kuyamba kutsata ma patent a mankhwala monga mayiko ena onse.